Ndodo inacoka m'kalasi, nanga m'manja mwa mphunzitsi tinaikamo ciani?

Pa misonkhano yambiri ya makolo ndi aphunzitsi m'masukulu a ku Nyimba ndi ku Petauke, nkhani ya madesiki ndi ya zimbudzi ikatha, pamaimirira munthu wacikulire ndi dandaulo limene tonse tinalimvapo: ana a masiku ano alibe mwambo, ndipo olakwa ndi a boma amene analanda aphunzitsi ndodo. Anthu amaomba m'manja. Aphunzitsi ena amavomereza ndi mutu, ena amangoyang'ana pansi, cifukwa adziwa kuti m'masukulu ena ndodoyo sinacoke konse, inangobisidwa kuseri kwa kabati.

Dandaulo limeneli si loti tingoliseka, pakuti muli coona mkati mwake. Lamulo linacotsa cida cimene aphunzitsi anakula naco, koma silinawaikire cina m'manja. Mphunzitsi wa ku Mwape, m'cigwa ca Luangwa, amene ana amudzazira kalasi mpaka ena kukhala pakhomo, anauzidwa cimene sayenera kucita. Cimene ayenera kucita congo cikabuka, ambiri sanaonetsedwe. Komatu njira ina ilipo, si yodula, ndipo poyambira pake ndi pa nzeru imene mlimi aliyense wa thonje aidziwa kale: yamba wawerenga usanapope mankhwala.

Mmene ndodo inacokera

Ena aganiza kuti ciletso cimeneci ndi ca dzulodzulo. Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1999 Khoti Lalikulu linamva apilo ya John Banda, amene khoti laling'ono linagamula kuti akwapulidwe zikoti 10. Woweruza E. E. Chulu anagamula kuti kukwapula munthu ndi cilango cankhanza ndi conyazitsa, cotsutsana ndi ndime 15 ya malamulo aakulu a dziko lino. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inafafaniza ndime zimene zinali kulola kukwapula, kuphatikizapo za m'lamulo la zamaphunziro. Lamulo latsopano la zamaphunziro la mu 2011, pa ndime 28, linakamba poyera kuti mphunzitsi kapena wanchito wa pasukulu amene amenya mwana kapena kumucita zomunyazitsa angalipitsidwe faindi, angaikidwe m'ndende mpaka caka cimodzi, kapena zonse ziwiri. Ndipo lamulo la ana la mu 2022, lochedwa Children's Code Act, linatseka khomo limene linatsala: linaletsa munthu aliyense kumenya mwana monga cilango, kaya ndi kusukulu kaya ndi kunyumba.

Kuyambira nthawi ya Levy Mwanawasa kufika nthawi ya Hakainde Hichilema, malamulo ayenda njira imodzi, ndipo ndodo sidzabweranso. Kholo limene limauza mphunzitsi kuti amenye mwana wake cifukwa iye walola, likumukankhira mphunzitsiyo pamoto. Nkhani ikafika kupolisi kapena ku Teaching Council of Zambia, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013 loyang'anira mbiri ndi khalidwe la aphunzitsi, amene nchito idzamuthere ndi mphunzitsi, osati kholo.

Kalasi yadzaza

Cinthu cina cimene cakulitsa vutoli ndi cabwino pacokha. Mu 2002 boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira giredi 1 mpaka 7. Mu January 2022 maphunziro aulere anafika mpaka giredi 12, ndipo ndalama za PTA ndi za mayeso zinacotsedwa. Boma linalengeza pambuyo pake kuti ana oposa 2 miliyoni anaonjezereka m'masukulu. M'caka comweco ca 2022 linalemba nchito aphunzitsi 30,496, ndipo thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse, zina mwa ndalamazo n'kupita ku madesiki ndi ku makalasi atsopano.

Zonsezi n'zoyamikirika, koma ana anabwera mofulumira kupambana njerwa ndi malata. Ena mwa amene anabwerera ndi aja anakhala zaka kumudzi akuweta mbuzi, kuwedza nsomba mu Luangwa kapena kulera ang'ono awo. Mnyamata wa zaka 15 wokhala desiki imodzi ndi kamwana ka zaka 10, amene satha kuwerenga zimene kamwanako kawerenga mosavuta, amabisa manyazi ake ndi nthabwala ndi ndewu. Mphunzitsi akamukwapula kapena kumutuma kukazula citsa pamene anzake aphunzira, mawa sabweranso. Ndipo kuno kwathu mwana wocoka pasukulu sasowa komwe angagwere: mnyamata amapita kukachera misampha m'malo otetezedwa a nyama n'kukumana ndi asikauti, mtsikana amapita kubanja nthawi isanakwane, ngakhale kuti kuyambira kumapeto kwa 2023 lamulo linaletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa pamwambo. Apa ndiye pagona nkhani. Mmene mphunzitsi asungira mwambo m'kalasi ndi zimene zimasankha ngati mwana wotereyu akhala pasukulu kapena acoka.

Njira imene ilowa m'malo mwa ndodo

M'cilankhulo cathu mau akuti kulanga ali ndi nkhope ziwiri. Kulanga ndi kupatsa cilango, koma kulanga ndi kuphunzitsanso mwambo, monga acitira alangizi kwa namwali kapena kwa amene alowa m'banja. Ngakhale wa zaulimi amene amatiphunzitsa kabzalidwe timamuti mlangizi, ndipo sanyamula cikwapu. Njira imene akatswiri a zamaphunziro alimbikitsa masiku ano ndi ya nkhope yaciwiriyo: khalidwe labwino liphunzitsidwe monga mmene masamu aphunzitsidwira, ndipo likaoneka lizindikiridwe.

Mfundo zake ndi zowerengeka. Malamulo a m'kalasi akhale ocepa, atatu kapena asanu, okamba cimene mwana ayenera kucita m'malo mwa mndandanda wa zoletsa. Mphunzitsi aonetse ndi kuyeseza pamodzi ndi ana mmene alowera m'kalasi, mmene agawanira mabuku, mmene apemphera kuyankhula. Poyamikira achule ceniceni cimene mwana wacita bwino, monga kuuza gulu la pawindo kuti latsegula mabuku msanga mopanda congo, osati kungoti mwacita bwino. Apatse ana ambiri mpata woyankha, kuti pasakhale mwana wokhala mphindi 40 osafunsidwa kanthu. Aziyendayenda pakati pa madesiki m'malo momamatira pabolodi. Wolakwa amudzudzule mwacidule, pafupi, mosakweza mau, ndipo cilango cikafunika cigwirizane ndi colakwaco: wotaya zinyalala atole, wong'amba buku alimate, wonyoza mnzake apepese.

Njira imeneyi inakonzedwa bwino m'zaka za m'ma 1990 ku University of Oregon ku America, kumene Rob Horner ndi George Sugai anali pakati pa oitsogolera, koma mizu yake ndi yakale. Mu 1969 ofufuza a ku Kansas anayesa kamasewera m'kalasi ya giredi 4: anagawa ana m'magulu awiri, mphunzitsi n'kumaika cizindikiro pabolodi gulu likaswa lamulo, ndipo gulu la zizindikiro zocepa linali kupata mphotho yaing'ono. Anthu amene anakhala kumbuyo akuwerenga anapeza kuti kuimirira cisawawa ndi kuyankhula mosaloledwa kunatsika kwambiri.

Wina angati zimenezo ndi za kwa azungu, kumene kalasi ili ndi ana ocepa. Tiyeni tipite ku Uganda. M'boma la Luwero, pakati pa 2012 ndi 2014, bungwe la Raising Voices linayesa njira yosungira mwambo popanda kumenya. Masukulu a pulaimale 42 anagawidwa pawiri mwa maere, theka n'kulandira njirayo, theka n'kupitiriza monga kale. Zotsatira zofalitsidwa mu 2015 zinaonetsa kuti m'masukulu opitiriza zakale, ana 49 pa 100 alionse anati anamenyedwa ndi wanchito wa pasukulu mlungu wapitawo, pamene m'masukulu a njira yatsopano anali 31 pa 100. Kumenya sikunathe, koma kunatsika kwambiri, m'masukulu osasiyana kwenikweni ndi athu.

Diso silidziona lokha

Nanga ngati njirayi ndi yodziwika, cifukwa ciani sikhazikika? Aphunzitsi athu ambiri anapitapo kumawekishopu kumene anamva zonsezi. Amabwerako ndi mapepala ndi mtima wofuna kusintha. Koma pakapita milungu iwiri cizolowezi cimabwerera, ndipo mwini wake sazindikira. Mufunseni mphunzitsi aliyense ngati amayamikira ana, adzayankha ndi mtima wonse kuti inde. Sakunama. Munthu amene ali pakati pa ana ambiri, coko m'manja, maso pabolodi, makutu kucongo, sangathe kudziwerengera yekha mau ake. Amakumbukira kamodzi kamene anayamikira, amaiwala kakhumi kamene anakalipa.

Alimi a thonje adzaimva msanga nkhaniyi. Kale anthu anali kupopa mankhwala mwa cizolowezi, kaya m'munda muli mbozi kaya mulibe, ndalama n'kumathera m'mabotolo. Alangizi anabwera ndi kathabwa ka zibowo, pegibodi, n'kuphunzitsa mlimi kuyenda m'munda mopingasa, kuyang'ana mbewu imodziimodzi, ndi kusuntha kamtengo akapeza mazira kapena mbozi. Amapopa pokhapo ciwerengero cafika pa mlingo. Mlimi woyang'ana munda ali kumphepete amati zonse zili bwino kapena zonse zaonongeka, koma wowerenga amadziwa ceniceni cimene cili m'munda, ndi mbali imene cili.

Kalasi nayonso ndi munda wofunika kuuyendera motero. Mphunzitsi mnzake akhale kumbuyo kwa mphindi 15 kapena 20 ali ndi pepala ndi pensulo. Asalembe maganizo ake, alembe timizere cabe. Mphunzitsi wayamikira khalidwe kangati, ndipo wadzudzula kangati? Wafunsa ana angati, anyamata angati ndi atsikana angati, a kutsogolo angati ndi a kumbuyo angati? Papita mphindi zingati belu litalira phunziro lisanayambe? Pa mphindi ziwiri zilizonse, pa mzere umodzi wa madesiki, ndi ana angati amene maso ali panchito? Congo cayamba nthawi iti, pogawa mabuku, polemba manotsi, kapena pamene mphunzitsi wapereka msana?

Tiyerekeze kuti pepala laonetsa kudzudzula 18, kuyamikira 2, mafunso onse apita kwa ana asanu ndi mmodzi a kutsogolo, ndipo mphindi 9 zathera pa kugawa mabuku. Apa mphunzitsi sanauzidwe kuti ndi woipa. Waona yekha kuti ana a kumbuyo sakumbukiridwa pokhapo atasokoneza, ndiye kuti congo ndico njira yokha imene ali nayo yoti aonedwe. Waonanso kuti ndewu zambiri zimabuka pa mphindi 9 zija pamene manja alibe cocita. Asankhe cinthu cimodzi cokha coti asinthe, mwacitsanzo kusankha ana anai ogawa mabuku belu lisanalire, kapena kufunsa funso lacitatu lililonse kumzere wakumbuyo. Pakapita milungu iwiri mnzake uja abwerenso, awerengenso. Manambala akasintha, onse awiri aona ndi maso. Akapanda kusintha, ayese cina.

M'mabuku a aphunzitsi mumapezeka langizo lakuti pa kudzudzula kumodzi pakhale kuyamikira kunai kapena kusanu. Palibe nambala yamatsenga. Kafukufuku wa m'makalasi a ku America wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti kuyamikira kukamaculuka poyerekeza ndi kudzudzula, ana okhala ndi cidwi panchito amaculukanso, popanda malire enieni oti apa ndiye pokwanira. Cofunika ndi kudziwa pamene waima ndi kusunthapo.

Kuwerenga kotere kumaulula zimene ngakhale maboma sanali kudziwa. Kafukufuku wa World Bank wofalitsidwa mu 2014, amene anayendera makalasi oposa 15,000 m'maiko 7 a ku Latin America ndi ku Caribbean, anapeza kuti palibe dziko limene aphunzitsi ake anapitirira mphindi 65 pa 100 zilizonse akuphunzitsa kwenikweni, pamene mlingo wabwino ndi 85. Kusiyana kumeneku kuli ngati kutaya tsiku lathunthu mlungu uliwonse. Nthawi yotayikayo ndiyo imabala congo, ndipo congo ndico cimaitana ndodo.

Zida tili nazo kale

Cosangalatsa n'cakuti dziko lino silifunika kuyamba pa zero. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 masukulu athu ali ndi pulogalamu ya SPRINT, imene imalamula aphunzitsi kukumana m'magulu temu iliyonse kuti aphunzitsane. Mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, Unduna wa Zamaphunziro unayamba m'cigawo ca Pakati njira imene aphunzitsi amakonzera phunziro pamodzi, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera, kenaka n'kukambirana ndi kulikonzanso. Pofika mu 2015 njirayi inali itafika m'zigawo zonse. Mu 2016 pulogalamu ya Catch Up, yothandiza ana a giredi 3 mpaka 5 otsalira pa kuwerenga ndi masamu, inayesedwa m'masukulu 80 a ku Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, kenaka n'kufalikira m'masukulu a cigawo ca Kum'mawa ndi ca Kum'mwera. Mtima wa Catch Up ndi womwewu: yesa mwana aliyense, lemba pamene ali, ndipo alangizi a m'zoni ndi a m'boma azilowa m'kalasi kukaona ndi kuthandiza mphunzitsi.

Tsono mwambo woonererana m'kalasi ulipo kale. Cimene cisowa n'cakuti maso a oonerera amakhala kwambiri pa phunziro, pa mafaelo ndi pa mapulani olembedwa. Khalidwe la ana amangolemba mzere umodzi wakuti mphunzitsi alamulira bwino kalasi kapena ayi. Koma kalasi ya zii si umboni wa mwambo, mwina ndi umboni wa mantha. Kuonjezera timizere tinai kapena tisanu pa pepala limene lilipo kale sikufuna galimoto, sikufuna alawansi, sikufuna kompyuta.

Ku Mwape mfundo imeneyi ndi yofunika koposa. Oyendera masukulu ocokera ku ofesi ya DEBS ku Nyimba ndi ocepa, mafuta ndi ovuta, ndipo mvula ikagwa mitsinje imadzaza, njira za kucigwa n'kuduka. Kudikira kuti wa kuboma ndiye adzabwere kudzaona kalasi iliyonse ndi kudikira mvula ya mu July. Amene angathe kulowa m'kalasi kawiri pamwezi ndi mphunzitsi wa kalasi yoyandikana, wacikulire wa pasukulupo, aciwiri kwa ahedi, kapena wa pasukulu ina ya m'zoni yomweyo amene angafike panjinga. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mlendoyo safunika kucokera ku Lusaka. Ngakhale mnzako wa kuseri kwa cipupa amaona zimene iwe suona. Ndipo aphunzitsi odzipereka a m'masukulu a makomyuniti, amene ambiri sanapite kukoleji, ndiwo afunika thandizo lotere kupambana onse.

Pamene njirayi ingapotokere

Tisanamizane kuti palibe zoopsa. Coyamba, pepala lowerengera likasanduka cida ca ahedi cogwirira amene adana nawo, zonse zatha. Mphunzitsi wodziwa kuti manambala apita m'faelo yake ya kukwezedwa pa nchito adzakonza phunziro lacionetsero, adzauza ana dzulo lake zimene adzayankhe, ndipo oonerera akacoka ndodo idzatuluka kuseri kwa kabati. Pepala la mphunzitsi likhale lake ndi la mnzake womuonerera. Kwa ahedi ndi kwa makolo kuzipita ciwerengero ca sukulu yonse copanda maina. Mabungwe a aphunzitsi monga ZNUT ali ndi cifukwa comveka cofunsira citsimikizo cimeneci, ndipo acipatsidwe. Izi sizikutanthauza kubisa nkhanza. Woonerera akaona mwana akumenyedwa kapena kugwiridwa mosayenera, imeneyo ndi nkhani ya lamulo, ndipo iyenera kunenedwa.

Caciwiri, kuyamikira kongofuna kudzaza timizere ana amakuzindikira msanga. Mphunzitsi wonena kuti wacita bwino kwa aliyense, ngakhale wolakwitsa, amacotsa mtengo wa mauwo. Woonerera awerenge kuyamikira kochula cinthu ceniceni, osati kuomba m'manja kwa cizolowezi.

Cacitatu, maina a ana asalembedwe papepalali. Tonse tikumbukira monita wolemba maina a opanga congo, ndi mmene kapepalako kanali kubalira udani ndi ziphuphu za mbatata ndi nshawa. Cimene tiwerenga pano ndi zocita za mphunzitsi ndi kayendedwe ka kalasi, osati milandu ya ana.

Cacinai, pali mavuto amene kuyamikira sikungathetse. Pa 29 February 2024 mtsogoleri wa dziko analengeza kuti cilala ca nyengo ya 2023 mpaka 2024 ndi tsoka la dziko lonse, ndipo cigawo cathu cinali pakati pa zokhudzidwa. Mwana amene wagona ndi njala amaodzera kapena kukwiya msanga. Mwana amene wacezera usiku kuthandiza makolo kuingitsa njovu m'munda, kapena amene wadikira kuti kuce bwino asanadutse m'chire, adzafika mocedwa. Mwana amene kunyumba ayankhula Cinsenga, pasukulu n'kukumana ndi Cinyanja ca m'buku ndi Cingelezi, nthawi zina amakhala cete osati cifukwa ca mwano koma cifukwa sanamve. Wina samva bwino khutu, wina saona pabolodi. Koma apanso kuwerenga kumathandiza. Ngati kaundula aonetsa kuti ocedwa ambiri acokera kumudzi umodzi wa tsidya la mtsinje, kapena kuti kujomba kumakwera nthawi yopalira ndi yokolola thonje, ndiye kuti mankhwala ake si cilango. Ndi nkhani ya anyakwawa, ya makolo, ya phala la pasukulu, ya kamlatho kamene komiti ya citukuko ca m'wadi ingapemphe ku CDF.

Kwa amene ati ife tinamenyedwa ndipo tinakula bwino

Mau amenewa amanenedwa ndi mtima woona, ndipo ena amaonjezapo za ndodo yochulidwa m'buku la Miyambo. Koma tiyeni tikumbukire bwino kalasi imene tinayamba nayo giredi 1. Tinali angati, ndipo tinafika angati giredi 7? Amene amaimirira pamsonkhano kuyamikira ndodo ndi amene anapirira. Amene anathawa cifukwa ca zikoti za matebulo a masamu, amene lero amasaina ndi cala pogulitsa mbewu ndipo sangathe kutsutsa sikelo ya vendala, sayankhula pamsonkhano wa sukulu. Ndodo inali kutontholetsa kalasi, n'zoona, koma mbali ina inali kutero pothamangitsa ovuta kuphunzitsa. Lero tavomereza monga dziko kuti mwana aliyense akhale pasukulu, tsono njira yosefa ana singagwirizane ndi colinga cimeneco.

Kuleka kumenya si kulekerera. Kalasi ya malamulo omveka, imene wolakwa adziwa kuti cotsatira cake cibwera nthawi zonse mosakondera, ili ndi mwambo wolimba kupambana ija imene cilango cimadalira mmene mphunzitsi wadzukira. M'mera mpoyamba, ndipo woongola kamtengo amakamangirira ku cikhomo, sakamenya.

Nchito ya aliyense

A DEBS ndi oyendera masukulu a ku Nyimba ndi ku Petauke angathe kugwirizana pa pepala limodzi lalifupi, la tsamba limodzi, n'kuligawa kudzera m'malo ophunzitsiramo aphunzitsi a m'mazoni, ndi kulamula kuti msonkhano umodzi wa magulu a aphunzitsi temu iliyonse ukhale wokambirana zimene zawerengedwa. Ahedi ayambe ndi iwo eni: alole mphunzitsi wamng'ono akhale kumbuyo kwa kalasi yawo ndi pensulo. Akatero palibe amene adzaope.

Makolo, pa msonkhano ukubwerawu tisinthe mafunso. M'malo mopempha kuti ndodo ibwerere, tifunse kuti malamulo a m'kalasi ya mwana wanga ndi ati, kuti ndikawakumbutse kunyumba. Tifunse kuti temu ino aphunzitsi aonererana kangati, ndipo apeza zotani. Tifunse kuti ndi ana angati asiya sukulu cilowereni caka cino, ndipo ndani anapita kukaona makolo awo. Tipemphenso kuti sukulu izititumizira uthenga mwana akacita bwino, osati kutiitana pa mlandu pokhapokha. Kholo limene lamva zabwino za mwana wake kamodzi limabwera msanga tsiku limene laitanidwa pa zoipa.

Miphakati, mabungwe a amai ndi a acinyamata m'machalichi, ndi aphunzitsi a katekisimu ndi a Sande sukulu ali ndi ana omwewa mlungu uliwonse. Angayese njira yomweyi m'magulu awo, mmodzi kuphunzitsa, mnzake kuwerenga. Anyakwawa ndi nduna za Mfumukazi Mwape, za mafumu Ndake, Luembe ndi Nyalugwe, ndi za Mfumu Yaikulu Kalindawalo angathandize pa zimene zili kunja kwa mpanda wa sukulu: kujomba kwa nthawi ya kumunda, maukwati a ana, ndi njira zoopsa zimene ana ayendamo m'mamawa.

Mphunzitsi wa kumudzi wasenza katundu wolemera, kutali ndi banki, kutali ndi cipatala cacikulu, nthawi zina m'nyumba yodontha. Kumuuza kuti usamenye n'kumusiya yekha ndi ana odzaza cipinda si cilungamo. Kumuuza kuti menya ndi kumupereka kundende. Cimene tingamupatse temu ino ndi mnzake mmodzi, pepala limodzi, mphindi 20 kawiri pamwezi, ndi makolo ofunsa mafunso oyenera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana wovuta wa kumzere wakumbuyo uja ndi amene mawa adzakhala mkamwini kapena mpongozi pakhomo panu.